NTHUNZI YA THINAZI NDI CIWINDI CA WANCHITO

Mu August 2024 Nduna ya za Umoyo, a Elijah Muchima, anauza mtundu wa Zambia kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya cakudya copangidwa ndi cimanga cimene cinali ndi ululu wa cuku wochedwa aflatoxin, ndiponso kuti ululu womwewo unapezeka mu ufa wina wogulitsidwa m'masitolo. Kwa milungu ingapo nkhani ya ciwindi inali pakamwa pa aliyense, pa wailesi, m'mabasi ndi m'misika, popeza ululu umenewu umakantha ciwindi. Alimi a nshawa a ku Chipata, Katete ndi Petauke sanadabwe kwenikweni, pakuti alangizi a zaulimi akhala akuwacenjeza za cuku kwa zaka zambiri. Koma ciwindi ciri ndi mdani winanso amene sanachulidwe m'nkhani ija, ngakhale kuti anyamata ambiri a m'Cigawo ca Kum'mawa amakhala naye pafupi kuyambira m'mawa kufikira dzuwa litalowa. Mdaniyo ali m'zitini za thinazi, vanishi, guluu ndi mankhwala otsukira zitsulo.

Munthu woyenda pansi m'Chipata, kuzungulira msika wa Kapata kapena m'mbali mwa mseu waukulu wocokera ku Lusaka kupita ku malire a Mwami, safunikira kuuzidwa pamene pali galaji yowongola ndi kupenta magalimoto. Fungo limamupeza asanaone cikwangwani. Pamenepo apeza mnyamata akupopera penti atamanga kansalu kumphuno, wina akutsuka zitsulo za injini m'beseni la petulo ndi manja opanda kanthu, ndipo capafupi mmisiri wa matabwa akupaka vanishi pa mipando kapena pa bokosi la maliro m'kanyumba kamalata kopanda zenera. Tauni imeneyi inachuka kalekale ndi njinga, makamaka pamene fakitale ya Luangwa Industries inali kupanga njinga za Eagle. Lero njinga zamoto zacuruka, ndipo okonza ndi openta acuruka nazo pamodzi. Ambiri mwa anyamatawa makolo ao ali kumudzi. Anatumizidwa ku tauni kwa amalume kapena kwa akulu ao kuti akaphunzire nchito ya manja.

Ciwerengero cao cikukwera. Mu 2022 Boma linakweza thumba la citukuko la CDF kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni pa dera la phungu aliyense wa Nyumba ya Malamulo, ndipo gawo la ndalamazo linaikidwa padera kuti lilipirire acinyamata maphunziro a luso m'masukulu onga Chipata Trades Training Institute. Zimenezi n'zoyamikika, cifukwa mwana wodziwa umakanika kapena ukalipentala sagona ndi njala. Cofunika kufunsa n'cakuti, kodi mnyamata ameneyu akatuluka ndi setifiketi ndi bokosi la masipanala, adzakhala atauzidwa zimene nthunzi ya m'citini imacita m'thupi mwake?

NCHITO YA CIWINDI

Aliyense amene anasendapo mbuzi amacidziwa ciwindi. Mwa munthu wamkulu cimalemera pafupifupi kilogalamu imodzi ndi theka, ndipo cimakhala kudzanja lamanja, kunsi kwa nthiti. Pa mphindi iriyonse magazi okwana ngati lita imodzi ndi theka amadutsamo. Nchito zake n'zambiri: cimapanga ndulu yothandiza kugaya mafuta, cimasunga shuga wopatsa mphamvu, cimapanga zinthu zoumitsa magazi pa bala, ndiponso cimasefa ndi kuphwanya ciriconse cacilendo cimene calowa m'magazi, kaya ndi mowa, mapiritsi a kucipatala kapena ululu.

Mankhwala osungunulira penti, girisi ndi guluu ali ndi makhalidwe awiri amene amawathandiza kulowa m'thupi. Coyamba, amauluka msanga; ndico cifukwa cake citini cosatseka cimacepa cokha. Munthu akapuma nthunziyo, imadutsa m'mapapo n'kulowa m'magazi mosacedwa. Caciwiri, anapangidwira kusungunula mafuta, ndipo khungu la munthu limatetezedwa ndi mafuta. Cotero makanika wosamba m'manja ndi thinazi kapena petulo amacotsadi girisi, koma amacotsanso chinga la khungu lake, ndipo gawo lina la mankhwalawo limalowa. Khungu loyera mbuu ndi long'aluka la m'manja mwa openta ambiri ndi umboni wa zimenezi.

Mankhwalawo akafika ku ciwindi, ico cimayesa kuwasandutsa cinthu cotha kutuluka ndi mkodzo kapena ndulu. Apa ndi pamene pagona tsoka. Mitundu ina ya mankhwalawa ikaphwanyidwa imabala tizidutswa taukali kuposa mankhwala oyambawo, ndipo tizidutswa timeneti timaocha ciwindi comweco cimene catipanga. Ngati munthu wapuma nthunzi yambiri nthawi imodzi, angathe kudwala m'masiku owerengeka: nseru, kusanza, kufooka, kupweteka kunsi kwa nthiti za kumanja, mkodzo wofiirira ngati tiyi, kenaka maso n'kusanduka acikasu. Ngati akupuma pang'onopang'ono kwa zaka, mafuta amaunjikana m'ciwindi, zipsera zimayamba, ndipo mwa ena cimauma n'kukhwinyata. Pofika apo mimba imadzaza madzi, miyendo imatupa, ndipo ena amasanza magazi.

Ciwindi n'copirira kwambiri. Madokotala angathe kudulako gawo lalikulu ndipo cotsalaco cimakulanso. Kupirira kumeneku ndiko kumanyenga anthu, pakuti munthu angathe kugwira nchito zaka zambiri ali wamphamvu pamene m'kati zinthu zikuonongeka. Cakudza siciimba ng'oma. Komabe kupirira komweko kuli ndi ubwino wake: wanchito akacotsedwa pa nthunziyo zipsera zisanakhazikike, kawirikawiri amacira.

ZIMENE MAIKO ENA ANAONA

Nzeru yonse ya nkhaniyi inagulidwa ndi miyoyo ya anchito. Mu 1914, nkhondo yoyamba ya dziko lonse itayamba, anchito a pa fakitale ya ndege ku Hendon, m'mbali mwa London, anayamba kudwala cikasu ndipo ena anafa. Nchito yao inali kupaka nsalu za mapiko a ndege ndi utomoni wosungunulidwa mu tetrachloroethane. Dokotala William Willcox anaika makoswe mu nthunzi ya mankhwalawo ndipo anapeza kuti ziwindi zao zinaonongeka mofanana ndi za anchito aja. Mu 1916 Boma la Britain linalamula kuti matenda a cikasu ocokera ku nchito azilembedwa ndi kuperekedwa kwa oyendera mafakitale, ndipo posacedwa mankhwalawo anasiyidwa.

Carbon tetrachloride ndiye anachuka koposa onse. Anali kugwiritsidwa nchito pocapa masuti, pozimitsa moto, pophera anankafumbwe m'nkhokwe zazikulu za mbeu, ndipo m'zaka za m'ma 1920 madokotala anali kumwetsa anthu pang'ono pofuna kupha njoka za m'mimba. M'kupita kwa nthawi cinthu cimodzi cinaonekera poyera: muyeso umene munthu wosamwa mowa anapulumuka nao unali kupha cidakwa. Mankhwalawa analetsedwa pansi pa pangano la Montreal la 1987, ndipo maiko osauka anapatsidwa mpaka 2010 kuti asiyiretu. Codabwitsa n'cakuti cimene cinabweretsa ciletso cimeneci si kulira kwa anchito koma kuononga kwao mpweya wa kumwamba umene umachinga ukali wa dzuwa. Wopeza kabotolo kamkuwa kakale kozimira moto m'sitolo yakale kapena m'nyumba yosungiramo katundu asayese kukapopa, cifukwa tambiri ta mtundu umenewo tinali ndi mankhwala amenewa.

Nkhani yofanana kwambiri ndi magalaji a kuno inacitika mu 1986 ku New Haven, ku America, pa fakitale yopaka nsalu ndi pulasitiki. Anchito anali kusakaniza mankhwala ochedwa dimethylformamide m'zipinda zosalowa mphepo, popanda cochinga khungu. Pamene mmodzi anadwala ciwindi, dokotala Carrie Redlich ndi anzake a ku Yale University anapima magazi a anchito 58. Mwa amenewa, 36 anapezeka ndi zizindikiro za kuonongeka kwa ciwindi. Ambiri a iwo anali kubwera ku nchito masiku onse osadziwa kuti ciwindi cao cikuonongeka. Ena anali atazindikira kuti akalawa mowa nkhope imatentha ndi kufiira, ndipo mutu umazungulira.

Ya ku Osaka, ku Japan, ndi yomvetsa cisoni koposa. Pa kampani ina yosindikiza, anyamata anali kupukuta inki pa makina kambirimbiri pa tsiku ndi mankhwala okhala ndi 1,2-dichloropropane ndi dichloromethane, m'cipinda ca pansi pa nthaka cimene mpweya wake unali kungozungulira momwemo. Mu 2012 zinadziwika kuti angapo a iwo anadwala khansa ya njira za ndulu, matenda amene nthawi zambiri amagwira okalamba. Ciwerengero cinafika pa 17, onse a zaka zapakati pa 25 ndi 45 pamene matendawo anapezeka. Mu 2013 Boma la Japan linabvomereza kuti khansayo inacokera ku nchito, ndipo mu 2014 bungwe la IARC, limene liri pansi pa World Health Organization, linaika 1,2-dichloropropane pa mndandanda wa zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa. Pasanafike caka ca 2012 mankhwalawo anali kugulitsidwa ngati ena onse. Ndipo posacedwapa, mu February 2022, anchito 16 a fakitale ina ku Changwon, ku South Korea, anapezeka ndi ciwindi cotupa cifukwa ca chloroform amene anali m'madzi otsukira zitsulo.

Maiko onsewa ndi olemera, okhala ndi oyendera mafakitale ndi zipatala zazikulu. Ngakhale conco, pa malo alionse bvutolo linadziwika pokhapokha anchito atayamba kale kudwala.

KATUNDU WOSENZA CIWINDI CIMODZI

Pamafunika kunena zoona, kuti anthu asacite mantha opitirira. Mankhwala aukali koposa pa ciwindi ndi aja okhala ndi chlorine, amene maina ao pa citini ali ndi mau akuti “chloro” kapena “chloride”, pamodzi ndi dimethylformamide. Amapezeka m'mankhwala ena ocotsera penti yakale, otsukira mabuleki ndi zitsulo, ndi ocapira masuti popanda madzi. Thinazi wamba wa m'masitolo a hadiweya kawirikawiri amakhala ndi toluene, xylene ndi acetone. Amenewa amayamba kukantha ubongo: mutu kuwawa, cizungulire, kuiwalaiwala, kuledzera popanda mowa. Ndiwo amene amakoka ana a m'miseu ya ku Lusaka onunkhiza guluu m'timabotolo. Pa ciwindi mphamvu yao ndi yocepa poyerekeza ndi ya oyamba aja, koma amadutsa m'ciwindi momwemo, ndipo kafukufuku pakati pa openta m'maiko osiyanasiyana wapeza ena ali ndi mafuta m'ciwindi ndi magazi osonyeza kuti cikubvutika. Petulo nayenso ali ndi benzene, amene amaononga mafuta a m'mafupa opanga magazi ndi kuyambitsa khansa ya m'magazi.

Cimene cimakulitsa ngozi kuno n'cakuti ciwindi ca mnyamata wa ku Chipata sicifika pa galaji ciri copepukidwa. Kafukufuku wa ZAMPHIA wa 2016 anapeza kuti anthu 5.6 mwa 100 alionse a zaka 15 mpaka 59 m'Zambia anali ndi kacirombo ka hepatitis B. Ndiko kunena kuti pa anthu 18, mmodzi ali nako, ndipo ambiri sadziwa. Katemera wa kacirombo kameneka analowa pa ndandanda ya makanda mu 2005, cotero obadwa caka cimeneco cisanafike ambiri sanabaidwe. Pamwamba pa apo pali aflatoxin wa mu nshawa ndi cimanga cosauma bwino, amene akakumana ndi hepatitis B amacurukitsa kwambiri ngozi ya khansa ya ciwindi. Palinso likodzo la m'matumbo, limene mazira ake amakakhazikika m'ciwindi mwa amene anakulira kusamba m'madambo ndi m'madamu.

Ndiye pali mowa. Ciwindi ca munthu wozolowera kumwa cimacurukitsa cipangizo cina cophwanyira mowa cimene akatswiri amacicha CYP2E1. Cipangizo comweco ndico cimaphwanya carbon tetrachloride, chloroform, trichloroethylene ndi dimethylformamide n'kutulutsa tizidutswa taukali tija. Motero wakumwa amadzipangira ululu wambiri ndiponso mofulumira kuposa mnzake wosamwa amene aima naye pa benchi imodzi. Apa ndi pamene panagona cinsinsi ca zidakwa zimene zinali kufa ndi mankhwala a njoka za m'mimba. Boma linaletsa tujilijili mu April 2012, koma kacasu wa m'makomboni ndi mowa waukali wa m'timabotolo tochipa sizinathe. Pali openta amene amakhulupirira kuti kambale ka kacasu madzulo kamatsuka penti pa cifuwa. Zoona zake n'zakuti akuthira palafini pa moto.

Cikhulupiriro cina cofala ndi ca mkaka. Mabwana ena amagulira anyamata ao paketi ya mkaka akatha kupopera galimoto, ndipo amacita zimenezi ndi mtima wabwino. Mkaka ndi cakudya cabwino, koma umapita m'mimba pamene nthunzi inalowera m'mapapo, ndipo pofika nthawi yomwera mkakawo mankhwala amakhala atafika kale m'magazi. Palibe cimene mkaka umasefa. Ndalama za mkaka wa mwezi umodzi zikanasungidwa zikanathandiza kugula cophimba kumphuno ceniceni.

Mutu ukawawa cifukwa ca nthunzi, ambiri amathamangira Panadol. Pa muyeso wake mankhwalawa ndi abwino, koma kumwa opitirira muyeso tsiku ndi tsiku, makamaka pamodzi ndi mowa, kumabvulaza ciwindi. Mankhwala a TB naonso amalemetsa ciwindi mwa anthu ena. Wodwala sayenera kuwasiya yekha ai. Ayenera kuuza a kucipatala kuti amagwira nchito ya penti kapena ya guluu, kuti azimupima magazi pafupipafupi.

Alimi asaganize kuti nkhaniyi ndi ya a m'tauni okha. Mankhwala ambiri opopera thonje ndi ndiwo za m'dimba, aja amene pa botolo pali zilembo EC ndipo amayera ngati mkaka akathiridwa m'madzi, amakhala osungunulidwa m'mafuta a mtundu wa xylene. Fungo lamphamvu limene limaturuka potsegula botolo kawirikawiri ndi la mafuta amenewo. Mlimi wosakaniza ndi dzanja, kapena wosenza pampu yodontha pamsana kuyambira m'mawa, akulandira zonse ziwiri, ululu wophera tizirombo ndi cosungunulira cake.

MALAMULO ALIPO, KOMA AFIKA PATI?

Zambia si dziko losowa malamulo pa nkhani imeneyi. Lamulo la mafakitale la 1966 linalamula kuti malo a nchito akhale olowa mphepo, kuti utsi ndi nthunzi zoipa zizicotsedwa pamene zikuturukira, ndi kuti anchito apatsidwe zobvala zodzitetezera. Lamulo la 1999 la cipukuta misozi ca anchito linaika udindo m'manja mwa Workers' Compensation Fund Control Board, imene likulu lake liri ku Ndola. Olemba anthu nchito ndiwo amasonkha ku thumba limeneli, wanchito sadulidwa kanthu, ndipo matenda obwera ndi nchito amawerengedwa monga ngozi. Lamulo la 2010 la umoyo ndi citetezo pa nchito linakhazikitsa Occupational Health and Safety Institute ku Kitwe, ndipo linati pa malo alionse a anchito 10 kapena kuposerapo pakhale komiti yoona za citetezo. Mu 2011 kunabadwa bungwe la ZEMA, limene limapereka malaisensi a mankhwala oopsa olowa ndi ogulitsidwa m'dziko. Mu June 2022 msonkhano wa International Labour Organization ku Geneva unaika malo a nchito osaika moyo pangozi pakati pa maufulu akulu a wanchito aliyense.

Koma mbiri ya malamulowa inabadwira ku migodi. Nyumba ya ku Kitwe ija inayamba monga malo opimira mapapo a anchito a m'migodi ya mkuwa, ndipo kwa zaka makumi ambiri matenda a nchito m'maganizo a anthu anali fumbi la mwala ndi cifuwa. Wanchito wa mumgodi amapimidwa asanalembedwe, amapimidwanso ali pa nchito, ndipo akapuma amaitanidwabe. Wopenta magalimoto wa ku Kapata alibe kalikonse kotere. Kitwe ali kutali, mtunda woposa makilomita 900 kucokera ku Chipata.

Ndiponso galaji ya anthu atatu kapena anai siifika pa ciwerengero ca 10 cimene lamulo la 2010 linaika kuti pakhale komiti. Mnyamata wophunzira nchito salembedwa m'buku liri lonse. Kwa mwini galaji iye ndi “mwana wa alongo anga”, ndipo malipiro ake ndi nsima ya masana ndi kangacepe ka sopo. Anchito oposa theka m'dziko lino ali pa nchito za mtundu umenewu, zosalembetsedwa. Mwini galajiyo si munthu woipa mtima. Iyenso amapuma nthunzi yomweyo, ndipo anaphunzira nchito mwa njira yomweyo kwa amene anamuphunzitsa.

Ngozi ya dzanja lodulidwa ndi makina imaonekera tsiku lomwelo, mboni ziripo. Ciwindi cimadwala mwakacetecete, ndipo munthu akafooka amabwerera kumudzi kwa amai ake ku Chadiza, Vubwi kapena Lundazi. Kumeneko mimba yotupa ndi maso acikasu zimapatsidwa maina ena. Ena amati ndi mowa, ena amati anadyetsedwa ndi anzake a nsanje pa nchito, ndipo banja limagulitsa mbuzi kulipira ng'anga, imene nthawi zina imamwetsa wodwalayo mizu yoonjezera katundu pa ciwindi cofooka kale. Akafika ku Chipata Central Hospital, ku St Francis ku Katete kapena ku Mwami, matenda amakhala atapita patali, ndipo ngati hepatitis B yapezeka m'magazi, funso la nchito silifunsidwanso. Motero munthu amene lamulo likanamuthandiza amaikidwa m'manda popanda pepala liri lonse losonyeza kuti anali wopenta.

ZOTHEKA KUCITA

Zina mwa zofunika sizilira ndalama zambiri. Kupopera penti ndi kupaka vanishi kuyenera kucitikira panja kapena m'shedi yotseguka mbali ziwiri, wanchito ataima kumene mphepo ikucokera. Zitini zitsekedwe nthawi zonse, ndipo nsanza zonyowa ndi thinazi ziikidwe m'cigubu ca citsulo cobvundikira, kunja. M'manja musambidwe ndi sopo. Girisi youma imacoka munthu akayamba wapaka mafuta ophikira pang'ono. Cakudya cisadyeredwe pamene pali zitini, ndipo mnyamata asagone m'shopu usiku monga mlonda, mcitidwe umene uli wofala kwa ocokera kumudzi osowa pogona. Thinazi wogulidwa pang'onopang'ono m'mabotolo a zakumwa ndi woopsa pawiri: palibe amene adziwa zimene zirimo, ndipo mwana angathe kumwa poyesa madzi.

Kansalu kumphuno, ngakhale kamasiki ka pepala kamene kanafala m'nthawi ya COVID-19, kamagwira fumbi ndi madontho a penti koma nthunzi imadutsa. Cofunika ndi cophimba ca mphira cokhala ndi timabokosi ta makala osefera nthunzi, cogwira bwino pa nkhope yometedwa ndebvu. Timabokosito timatha mphamvu; wanchito akayamba kumva fungo ali cibvalire, tasinthidwe, ndipo usiku tisungidwe m'pepala la pulasitiki lomanga. Magolovesi opyapyala a kucipatala amasungunuka msanga ndi thinazi. Ofunika ndi ocindikala opangidwira mankhwala.

Zina ndi za akulu a Boma. Khonsolo ya mzinda wa Chipata imapereka malaisensi a malonda caka ndi caka, ndipo oyendera zaumoyo ake amalowa kale m'mabucha ndi m'malo odyera. Kuonjezera magalaji ndi mashopu a mipando pa ulendo wao sikufuna lamulo latsopano. Makomiti a CDF pogula zipangizo za omaliza maphunziro angathe kuika cophimba kumphuno ndi magolovesi m'bokosi limodzi ndi masipanala. A TEVETA, amene amayang'anira maphunziro a luso, angathe kuonetsetsa kuti wophunzira aliyense akudziwa kuwerenga maina a pa citini asanalandire setifiketi. Ogulitsa m'mahadiweya naonso ayenera kukhala ndi pepala lofotokoza za ngozi ya mankhwala ali onse amene akugulitsa, pakuti opanga mankhwalawo amalipereka.

Ku zipatala cofunika ndi funso limodzi: “Kodi bambo, mumagwira nchito yanji, ndipo mumagwira ndi mankhwala otani?” Kupima magazi kochedwa ALT ndi AST kumaonetsa ciwindi cobvutika munthu asanayambe kumva kupweteka, ndipo kumacitika pa zipatala zazikulu za m'cigawo cino. Wanchito wa penti, guluu kapena zotsukira zitsulo angacite bwino kupempha kupimidwa kotere kamodzi pa caka, pamodzi ndi kupimidwa hepatitis B. Amene alibe kacirombo angathe kufunsa za katemera, ndipo amene ali nako ayenera kuganiza mofatsa ngati nchito ya kupopera penti iri yomuyenera.

Makolo a kumudzi amene mwana wao wabwera kucokera ku tauni ali wofooka, wosafuna kudya, mkodzo uli wofiirira kapena maso ayamba cikasu, asadikire kuti mwezi uthe. Apite naye ku cipatala sabata lomwelo, asamupatse mowa kapena mizu, ndipo atumize uthenga kwa amalume ake ku galaji kuti citini ca mankhwala amene anali kugwiritsa nchito, kapena cithunzi ca pa foni ca malemba ake, cifike m'manja mwa dokotala. Apemphenso kuti nchito ya mwanayo ilembedwe pa khadi la cipatala, cifukwa khadi limenelo ndilo a ofesi ya Leba ndi a Workers' Compensation adzayamba kulifunsa. Anzake otsala pa galajiyo naonso apite akapimidwe.